ULENDO WA PANSI KU MAJETE NDI KU KAPICHIRA

Abale anga a m'midzi ya m'chigwa cha Shire, pali chinthu china pakati pathu chimene chindizizwitsa ine. Alendo achokera ku maiko a kutsidya kwa nyanja, nataya ndalama zambiri ndi masiku ambiri pa njira, kuti adzaone nkhalango ya Majete ndi mathithi a Kapichira. Koma ife amene tigona pafupi pomwepo, ambiri a ife tamera imvi osapondako phazi. Njira ya ku Nchalo tiidziwa, ya ku Ngabu tiidziwa, ndi ya ku Blantyre yokwera pa Thabwa tiidziwa ndi makhotakhota ake onse, koma mukafunsa munthu za Kapichira, iye angoti, “Si kuja kuchokera magetsi?” ndipo nzeru zake zathera pomwepo. Chonsecho kuchokera pa boma la Chikwawa kufika pa chipata cha Majete ndi mtunda wa makilomita ngati 20 okha, umene munthu wa njinga auyenda dzuwa lisanatenthe. Tsono ndati ndikulembereni za ulendo wa pansi umene ndinayenda kumeneko m'mwezi wa Julayi, ndi zimene ulendowo unandisiyira mumtima.

Poyamba ndinene za malowo. Majete ndi nkhalango yaikulu, ya masikweya kilomita ngati 700, m'dziko la mafumu Kasisi ndi Chapananga. Boma la atsamunda linaipatula kuti ikhale ya nyama m'chaka cha 1955, ndipo mu 1969 malire ake anafutukulidwa kufikira pa mathithi a Kapichira. Munthu saloledwa kuyendamo yekha, pakuti muli zilombo. Ayenera kutsagana ndi msilikali wa za nyama, amene kwathu timati agemu, wonyamula mfuti. Ulendo wathu unali wozungulira. Tinachoka pafupi ndi chipata, ndi kudzera m'thengo la mitengo yapatalipatali, ndi kulowa m'nkhalango yothithikana ya m'khwawa, ndi kutulukira pa damu la Kapichira, ndi kutsikira ku mathithi, ndipo tinabwerera njira ina. Zonsezi zinatitengera maola anayi ndi theka. Njirayo si ya zitunda zazitali ayi. Nkhalamba ya ndodo ngati ine inaitha, ngakhale mawondo anadandaula pang'ono pa miyala ya ku mtsinje.

Tinali atatu: ine, mdzukulu wanga, mnyamata wa zaka 17, ndi msilikaliyo, munthu wa kwathu konkuno, wosachulukitsa mawu. Tisanayambe anatiimika natipatsa malamulo atatu. Anati, “Agogo, tiziyenda pa mzere, ine patsogolo, inu pakati, mnyamatayu pambuyo. Tisalankhule mokweza. Ndipo chachikulu ndi ichi: ngakhale muone chilombo chotani, musathawe, pakuti wothawa ndiye auza chilombo kuti iye ndi ndiwo.” Mdzukulu wanga anaseka, nati, “Nanga agogowa angathawe ndi miyendo iti?” Msilikali sanaseke. Anatapa fumbi pansi, nalitaya pang'onopang'ono kuti aone kumene mphepo ilowera. Ndipo tinauyamba ulendo mphepo ili kumaso, kuti fungo lathu lisatitsogolere.

Dzuwa linali litangotuluka, ndipo kunali kozizira monga kukhala m'mawa wa Julayi. Thengo la kumeneko n'loyera, munthu apenya patali. Udzu unali utauma, ndi mitengo itaima uwu apa, uwo apo: mifula, milambe yopanda masamba, ndi njale za thunthu loyera zoongoka ngati mizati. Nswala zinatiyang'ana kanthawi, imodzi inafwenthera, ndipo zonse zinalumpha pamodzi. Njiri inadutsa ndi ana ake atatu, michira ili njo m'mwamba. Nkhanga zinali kupalasa m'njira mosatekeseka, monga nkhuku za pa khomo. Koma chimene chinandigwira mtima koposa ndicho kuwerenga nthaka. Msilikali ankaima, naloza pansi ndi kamtengo, nati apa padutsa njati usiku, apa fisi, apa kambuku. Anationetsa kuti pa phazi la fisi zikhadabo zioneka, koma pa la kambuku sizioneka, pakuti iye azibisa poyenda monga mphaka. Woyenda pa galimoto zotere sazipenya. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo m'thengo muja ndinavomera kuti sananame.

Patsogolo pang'ono tinapeza mulu wa ndowe zakale za njovu, zouma ngati udzu. Msilikali anaziphwanya ndi nsapato, ndipo m'kati munatuluka nthangala za mfula, zosasweka. Anati njovu imeza zipatso, niyenda mtunda wautali, nikasiya nthangala kwina pamodzi ndi manyowa ake. Motero chilombo chimene chithyola mitengo ndicho chibzalanso mitengo. Mdzukulu wanga anatola nthangala imodzi, naitembenuza m'dzanja nthawi yaitali. Mnyamatayu anaphunzira za njovu m'mabuku a sukulu, namva za njovu m'nthano za agogo ake aakazi, koma kufikira tsikulo anali asanakhudze kanthu kalikonse kamene njovu inakhudza.

Ndipo kunali kosatheka kuti akhudze akadabadwa m'zaka zina, pakuti inalipo nthawi imene Majete inatha. Amsinkhu wanga akumbukira. M'zaka za m'ma 1980 munali njovu zoposa 200 m'nkhalangomo; pofika 1992 simunatsale ndi imodzi yomwe. Inali nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, mfuti zinachuluka m'malire, ndipo minyanga inali ndi ogula ake. Chipembere chinali chitatha kale, mikango inatha, njati ndi ntchefu zinatha. Misampha ya waya inamaliza tinyama totsala, nyama yake inkagulitsidwa mobisa m'midzi, ndipo pambuyo pa osaka panadza ocheka matabwa ndi ootcha makala. Munthu akadutsa m'mbali mwa nkhalango masiku amenewo ankamva mbalame zokha. Ambiri tinkati Majete yapita basi, dzina lokha ndilo latsala pa mapu.

Koma m'chaka cha 2003 boma linapangana ndi bungwe la African Parks kuti lisamale malowo zaka 25, ndipo nyama zinayamba kubwerera. Sizinabwere zokha ndi miyendo ayi. Zinadza pa malole, zitagonekedwa ndi mankhwala, zina kuchokera ku Liwonde ndi ku Lengwe, zina ku Zambia ndi ku South Africa. Chipembere chinafika mu 2003. Njovu 70 zinafika mu 2006 kuchokera ku Liwonde, ndipo mu 2009 zinadzanso zina 83 zochokera ku Phirilongwe m'boma la Mangochi, kumene zinali kulimbana ndi anthu m'minda. Akambuku anayamba kufika mu 2011, mikango mu 2012, akadyamsonga mu 2018. Nyama zonse zobwera chotero zinapitirira 2,500. Ndipo taonani, zinaswana kotero kuti mu 2017 Majete yomweyo, imene inalibe njovu ndi imodzi yomwe, inapereka njovu ngati 150 kukadzaza nkhalango ya Nkhotakota.

Sindifuna kukubisirani kuti nkhaniyi ili ndi mbali yake yowawa. Pozungulira nkhalango yonse pali mpanda wa waya wa magetsi. Mpandawo utsekera njovu kuti zisalowe m'minda ya mapira, ndipo pa ichi alimi ayamika. Koma utsekeranso anthu kunja, amene makolo awo ankatema milimo, kufula uchi ndi kukumba mankhwala m'menemo popanda wowafunsa. Pali nkhalamba zina zimene kufikira lero zikapenya waya uja zipukusa mutu. Osamala nkhalango alola anthu a m'midzi yoyandikana kulowa pa nyengo yake kukamweta udzu wofolera ndi kudula nsungwi, ena alembedwa ntchito, ena aphunzitsidwa kuweta njuchi, ndipo ana ena alipiriridwa sukulu. Ngati zimenezi zikwanira kulipira chimene chinatayika, aliyense aweruze m'mtima mwake. Ine ndinena chimene ndinaona m'kati mwa mpanda, ndicho ichi.

Titayenda ora limodzi, njira inatsikira m'khwawa, ndipo thengo linasanduka nkhalango. Mitengo ya mikuyu ndi ya bwemba inakumana pamwamba pathu, mitsitsi ya zilambe ili lendelende, ndipo dzuwa linkangolowa madontho. M'mthunzi muja munaima boo wamphongo, wakuda, wa mizere yoyera m'nthiti ndi ubweya wolendewera pakhosi. Ndiyo nyama ya ulemu ya chigwa chathu chino, imene inachititsa kuti Lengwe apatulidwe kale mu 1928. Khwawalo linali louma pamwamba, mchenga wokhawokha. Koma pakati pake panali maenje okumba njovu, ndipo m'dzenje lina, lakuya ngati mkono, munali madzi oyera mbee, mvula itatha miyezi itatu. Ndinayang'ana magombe: anali oimirira bwino, mizu itawaluka ngati dengu, ndipo khwawa lonse linali lopapatiza, loti mnyamata angaponye mwala kutsidya ndi dzanja lamanzere.

Pamenepo ndinakumbukira mtsinje wa Mwanza ndi wa Likhubula monga ndinaidziwa ndili mwana, ya magombe akuya ndi mitengo mbali zonse ziwiri, ndi monga ili lero, yotambalala, yodzala mchenga kufikira pakamwa, yoti mvula ya usiku umodzi iitulutsa kunka m'midzi. Ndinati ndimuuze mdzukulu wanga zimenezi, koma msilikali anakweza dzanja mwadzidzidzi, ndipo tonse tinaima nji.

Njovu zinayi zazikazi ndi kamwana kamodzi zinali kutsika gombe patsogolo pathu, mtunda woti munthu wofuula amveka bwino. Sizinachite phokoso, chilombo chachikulu chotero chiponda ngati mbala. Yaikulu inaima, nikweza chitamba, niyesa mphepo uku ndi uku. Ndinamva dzanja la mdzukulu wanga pa phewa langa, likunjenjemera. Msilikali ananong'ona kuti, “Musagwedezeke, agogo. Mphepo ili kwa ife.” Tinaima chomwecho nthawi imene kwa ine inali ngati tsiku lathunthu. Kenaka yaikuluyo inatsitsa chitamba, niyamba kufukula mchenga ndi phazi, ndipo kamwana kanalowa pansi pa mimba yake kudikira madzi. Ife tinabwerera chambuyo pang'onopang'ono, ndi kukwera gombe, ndi kulambalala patali. Titafika poyera mnyamatayo anapuma mwamphamvu, nati, “Agogo, mtima wanga unali m'khosi.” Ndinamuuza kuti wanga sindidziwa kumene unali.

Kuchokera apo tinayamba kumva mvuu zikulira, ndipo posachedwa mitengo inatseguka, tinaona madzi ambiri ali phee: ndilo damu la Kapichira. Pano Shire amene tidziwa ife, wothamanga, aima ngati nyanja yaing'ono, pakuti anthu anamutchinga ndi khoma pamwamba pa mathithi. Mvuu zinali mitu yokhayokha pamadzi, ng'ona ziwiri zili kuwothera dzuwa pa mchenga, akakowa ali ndandanda m'mphepete, ndipo nkhwazi inalira pa mtengo wouma. Tinakhala pa thanthwe patali ndi madzi, pakuti msilikali sanalole kuti tiyandikire, ndipo tinadya mbatata zathu zophika.

Ntchito ya damulo ndi iyi. Madzi otchingidwa alowa m'mapaipi aakulu, natsika ndi mphamvu kunsi kwa mathithi, nazunguza makina anayi opanga magetsi, ndipo atatero abwereranso mumtsinje. Makina awiri oyamba anayamba ntchito m'chaka cha 2000, ndipo gawo lachiwiri linatsegulidwa mu Januwale 2014. Onse pamodzi mphamvu yawo ndi mamegawati 129.6. Kumtunda kwa mtsinje womwewu kuli Tedzani, ndi Nkula amene anayamba mu 1966. Motero magetsi ambiri a dziko lino achokera mwa Shire mmodzi yemweyu: nyali ya m'chipatala, chigayo cha pa msika, foni ya m'thumba mwanu. Ngakhale ife amene mawaya adutsa pamwamba pa nyumba zathu osatsikira, tidya za mtsinjewu tsiku lililonse posadziwa. Ndipo pa damu lomweli ndipo pali pakamwa pa ngalande yaikulu ya ulimi wothirira, imene ntchito yake inayamba mu 2020, yolinga kuthirira mahekitala oposa 40,000 m'Chikwawa ndi m'Nsanje. Chiyembekezo cha minda yathu chamangidwa pa madzi amenewa.

Koma ndinapenyetsa madziwo, ndipo sanali oyera ngati a m'dzenje la njovu. M'mphepete munali matope osanjikana, ndi pakati pa damu panali zilumba za mchenga zomera bango. Ndinafunsa msilikali kuti, “Mwana wanga, dothi lonseli lichokera kuti?” Iye anati, “Ndi minda ya anthu imeneyo, agogo.” Ananena zoona. Mitsinje ya Rivirivi, Lisungwi, Lirangwe ndi Mkulumadzi itenga dothi la m'mapiri a ku Ntcheu, ku Balaka, ku Neno ndi ku Blantyre, kumene mitengo inadulidwa, nilitula mwa Shire. Ndipo Shire akafika pa khoma naima, atula katundu wakeyo pansi. Damu likadzala dothi lisunga madzi ochepa, mchenga udya makina, ndipo ogwira ntchito ataya ndalama zambiri kukokolola matope ndi namasupuni. Mlimi wa kumtunda ataya chonde chake, ndipo chonde chomwecho chidzakhala tsoka kwa wa kunsi.

Tsoka limenelo tinaliona ndi maso. Chakudza sichiimba ng'oma: pa 24 Januwale 2022 kunadza namondwe wa Ana, ndipo Shire anadzala kotero kuti anagumula mbali ina ya damu la Kapichira. Makina onse anayi anaima, dziko linataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi ake, ndipo mdima wosinthanasinthana unakhala kufikira mu 2023, pamene anatha kukonza. Za m'midzi yathu sindifunika kukuuzani, pakuti munali momwemo: nyumba zogwa, mbuzi ndi ng'ombe zokokoloka, minda yokwiriridwa ndi mchenga, misewu yoduka. Zinatero mu 2015, zinateronso mu 2019, ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anawonjeza misozi. Sindinena kuti mitengo ikadaletsa mvula yotere, pakuti namondwe alibe womuletsa. Koma mvula yogwa pa phiri la mitengo itsika pang'onopang'ono, ina nilowa pansi. Yogwa pa phiri lometedwa itsika yonse nthawi imodzi, itasenza miyala ndi mchenga.

Titapuma tinatsata mtsinje kunka kunsi, kudzera pa miyala yakuda yosalala, kufikira pamene mathithi aoneka. M'chilimwe madzi ake achepa, chifukwa ambiri adzera m'mapaipi. Komabe mkokomo ulipo, ndi miyala yoboola madzi ngati mitondo isonyeza ukali wake wa m'dzinja. Mathithi amenewa ndiwo anaimitsa David Livingstone m'mwezi wa Januwale 1859, pamene anakwera Shire ndi sitima yake yaing'ono yotchedwa Ma Robert, ali ndi John Kirk. Iye anawatcha dzina la Murchison, mkulu wina wa kwawo, koma dzina la eni dziko ndilo lakhalitsa. Pobweranso chaka chomwecho anasiya sitima kwa mfumu Chibisa, pafupi ndi pamene pali boma la Chikwawa lero, nayenda pansi kufikira nyanja ya Chilwa, ndipo pambuyo pake nyanja yaikulu. Ena mwa Amakololo amene anatsagana naye anatsala m'chigwa chino nakhala mafumu. Maina a Kasisi, Katunga ndi Maseya achokera kumeneko.

Msilikali anatilozera kunsi kwa mathithi, mbali ya kuno ya mtsinje, kumene kuli manda a Richard Thornton, mnyamata wodziwa za miyala, wa ulendo wa Livingstone. Zaka za 1862 ndi 1863 zinali za chilala ndi nkhondo za ogwira akapolo, ndipo njala inapha anthu ambiri m'chigwa chino. Thornton anayenda pansi kunka ku Tete kukafuna mbuzi ndi nkhosa zoti anzake ndi amishoni a kwa Chibisa adye. Anabwera atatheratu mphamvu, nadwala kamwazi ndi malungo, namwalira pa 21 Epulo 1863 ali ndi zaka 25. Anamuika pafupi ndi mtengo waukulu. Manda ake adziwika. A makolo athu ambirimbiri amene anafa ndi njala yomweyo sadziwika. Ndinauza mdzukulu wanga kuti chigwa chino chinali cha chilala ndi chigumula kuyambira kale, ndipo chifukwa chake okhalamo sayenera kusewera ndi zinthu zimene zisunga madzi ndi dothi.

Pobwerera tinadzera njira ya kumtunda. Dzuwa linali litakwera, ndi nyenje zinayamba kulira. Tinapuma patsinde pa mlambe wina pa kamtunda, pamene munthu apenya kutali. Mbali ya kuno, m'kati mwa mpanda, mitengo inali yosaduka kufikira kumene maso alekeza. Kutsidya, ku mapiri a kum'mawa kumene msewu ukwera kunka ku Blantyre, malo ambiri anali ofiira, ndi utsi wa ng'anjo ya makala unali kukwera pa chigwa china. Mdzukulu wanga anayang'ana uku ndi uko, nati, “Agogo, nanga a bungwe aja sangabwere kudzakonzanso kutsidyaku monga anachitira kuno?”

Funso limeneli ndayenda nalo masiku ambiri, ndipo ndilo landilembetsa kalatayi. Njovu inatha, ndipo anthu a ndalama anaikweza pa lole naibweza. Mkango unatha, anauika m'bokosi naubweza. Koma dothi la m'munda mwanu likapita mwa Shire, kunka ku Zambezi ndi ku nyanja ya mchere, palibe lole imene idzalibweza. Ndipo palibe bungwe limene lingamange mpanda pozungulira munda uliwonse ndi khwawa lililonse la m'midzi yathu. Ku Majete mitengo yambiri sinabzalidwe ndi munthu. Inaphuka yokha pa zitsa ndi pa mizu pamene nkhwangwa ndi moto wolusa zinaleka. Nthaka ya kunja kwa mpanda ndi imodzimodzi ndi ya m'kati, mvula ndi imodzimodzi. Chosiyana ndi ichi chokha, kuti m'kati muli woletsa.

Sindidzudzula wootcha makala, pakuti ndidziwa kuti amene akankha njinga ya matumba atatu pa chitunda cha Thabwa sachita masewera, achita njala ya ana ake. Koma zilipo zinthu zimene banja lililonse likhoza kuchita popanda ndalama. Polima, musazule zitsa zonse. Pa chitsa chophukira siyani mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, nimudule zinazo, ndipo mtengo wotere ukula msanga koposa wobzala, pakuti mizu yake ili kale pansi. Msangu wa m'munda musaudule. Uyoyola masamba m'dzinja, sutchinga mbewu dzuwa, ndipo masamba akewo ndi manyowa. Musalime kufikira pa gombe penipeni. Siyani mpata wa bango, nsenjere ndi nsungwi, kuti mizu igwire dothi. Ndipo mudzi ukhale ndi nkhalango yake yaing'ono, yolambulidwa m'mbali chaka ndi chaka, imene anyakwawa ndi anthu awo apangana malamulo ake, monga tisungira mitengo ya ku manda popanda mfuti kapena waya.

Tsono kwa amene afuna kuyenda ulendo umenewu ndipereka malangizo awa. Pitani m'miyezi yozizira, kuyambira Meyi kufikira Ogasiti, pakuti m'Okutobala dzuwa la m'chigwa chino silichitira munthu chifundo. Funsani pa chipata masiku akadalipo, kuti akukonzereni msilikali ndi kukuuzani za malipiro. Amalawi alipira ndalama zochepa koposa alendo. Lawirani mamawa. Tengani madzi okwanira, nsapato zotseka, chipewa, ndi zovala zosawala. Ana aang'ono saloledwa kuyenda pansi, koma akhoza kuona nyama ali m'galimoto. Mabanja angapo kapena sukulu akhoza kusonkherana nakwera imodzi. Ndipo mverani msilikali m'zonse, ngakhale akhale wa msinkhu wa mwana wanu. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Achinyamata athu aone ndi maso awo khwawa la magombe athunthu, pakuti ambiri a iwo ayesa kuti mtsinje wa mchenga wokhawokha ndiwo chibadwa cha mtsinje.

Sabata lotsatira, tili kusosa m'munda wathu wa kumtunda, mdzukulu wanga anayenda malire onse akuwerenga zitsa zophukira, ndipo anapeza 14: za tsanya, za mfula ndi za bwemba. Tinapangana kuti khasu ndi moto zisazikhudze, ndipo iye anamangira minga pozungulira zazing'ono chifukwa cha mbuzi. Mthunzi wake ine sindidzaukhala, koma iye adzaukhala. Nanga inu, m'munda mwanu muli zitsa zingati? Kaziwerengeni musanatenthe mapesi chaka chino. Tsalani bwino nonse, akulu ndi ana.